Nsawa Zomwe Ndinameza Pachulu

Pali anthu amene akabwerera kumudzi kwawo amakumbukiridwa ndi zabwino: uyu anafolera tchalitchi, uyo anakumbitsa mjigo. Ine kwathu ku Kasenengwa amandikumbukira ndi zinthu ziwiri, kumeza nsawa ndi madzi nditaima pachulu, ndi kulimbana ndi chiliza cha akulu anga pamaso pa kwaya yonse. Zonsezi ndinazichita ndili ndi imvi, popanda ngakhale dontho la kachasu m'thupi. Ndazisunga mumtima mpaka zayamba kundiyabwa, ndiye bola ndizinene ndekha ena asanazithire mchere.

Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wanga Felista, amene ndi namwino ku Mangalande, ananditenga kuti ndikakhale naye. Ndinatseka kanyumba kanga ka ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndikuti ndikupita kwa miyezi yowerengeka. Miyeziyo inabereka zaka. Ntchito yanga kumeneko inali kuperekeza adzukulu kusukulu ndi kuyang'ana mvula pawindo. Ndili komweko, akulu anga a Fabiano, bambo a Tisa, anamwalira kumudzi, ndipo pamaliro pawo sindinafike. Zifukwa zinalipo, za mapepala ndi za ndege, zoona zonse, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene ndingachinene ndikuyang'ana munthu m'maso.

Kuti mumvetse: sukulu ndinayamba mawu atasintha kale, ndevu zikusuzumira, nditakhala pabenchi ndi tiana totha kulowa m'thumba mwanga. Ndinayamba chifukwa tsiku lina akulu angawo ananditengera mkwapulo wa ng'ombe m'manja nati, "Pita iwe, ng'ombe ndiziona ine." Anaziona mpaka ukalamba. Ine ndinakhala kalaliki wa padepoti ya thonje ku Chipata, wovala nsapato. Iwo nsapato ankavala pa Khirisimasi.

Chiyambire maliro aja, alamu anga a Nambewe, akazi a malemuwo, sanafunenso kuyankhula nane pafoni. Ankati foni imawapweteka khutu. (Ndi Felista ankacheza mpaka batire kutha, khutu lili bwinobwino.) Choncho ana a malemuwo atagwirizana zomanga chiliza, n'kunena kuti woyankhula pamanda akhale ine, wotsala ndekha m'mimba mwathu, ndinadziwa kuti mpata ndi womwewu, wina sudzapezeka. Mawu ndinawakonza mumtima. Ndinkawabwereza ndikuzungulira m'khitchini mwa Felista mpaka mphaka wa m'nyumbamo anayamba kundithawa.

Nditatsala pang'ono kunyamuka, Felista anabwera ndi kabokosi ka mapiritsi ofiirira.

"Adadi, awa ndi oteteza malungo. Limodzi tsiku lililonse, mutadya. Muyambe musananyamuke, ndipo mudzapitirize ngakhale mutabwerako."

"Ine? Malungo ndinakula nawo ngati msuweni wanga," ndinatero. "Udzudzu wa ku Kasenengwa agogo ake anakulira magazi anga. Umandidziwa."

"Thupi limaiwala, Adadi. Mwakhalitsa kuno. Amene timawagoneka m'chipatala ndi malungo si azungu opita kukaona njovu ayi. Iwo amamwa mankhwala awo mwamantha, osaphonya. Timagoneka anthu ngati inu, opita kwawo, onena zomwe mukunenazi."

Ndinalandira kabokosiko kuti nkhani ithe. Koma iye amandidziwa. Anati m'mawa uliwonse, asanalowe ntchito, azindiimbira foni ya zithunzi ija kuti aziona ndi maso ake piritsi likulowa.

Nditafika kumudzi, alamu anandilandira mwaulemu wonse. Anagwada, anandipatsa moni, anafunsa za ana ndi adzukulu mmodzimmodzi, ndipo ulemu wakewo unali wozizira kuposa dziko lomwe ndinachokera. Majekete ndi nsapato zomwe ndinabweretsa anazilandira ndi manja awiri n'kukaziika kuchipinda osamasula n'komwe. Kenako ndinawamva akuuza mpongozi wawo kuti, "Alendowa muwamangire neti yatsopano ija."

Alendo! M'mudzi momwe munakwiriridwa mchombo wanga!

"Neti ndi ya alendo, alamu," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Ine ndine mwana wa pano."

Sanatsutse. Anaimasula okha, ndipo m'mawa mwake ndinaiona itaphimba anapiye kuseri kwa nkhokwe. (Anapiye amenewo sanadwale ndi mmodzi yemwe.)

Tsiku lotsatira ndinakhala pakhonde, nditamwa phala, n'kutulutsa piritsi langa. Alamu ankasesa chapafupi. Anaima.

"Ndi a chiyani amenewo?"

Limeneli linali funso loyamba lomwe anandifunsa mwa kufuna kwawo, losakhala la mwambo. Mtima wanga unadumpha ngati mwana wa mbuzi. M'malo monena kuti ndi a malungo basi, ndinafuna kuti nkhani italike.

"Oteteza thupi, alamu. A kunja. Amphamvu zedi."

"Ife kuno ndi mawondo," anatero, osauza ine koma tsache lawo, uku akusisita bondo.

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti piritsi lija ndi bondo sizidziwana. Koma dzanja langa linali litatambasuka kale. M'mawa mwake anati agona ngati khanda, ndipo anandibweretsera mbatata yootcha ndi dzanja lawo, osatuma mwana. Jekete lalikulu la ubweya linalephera, koma kapiritsi kamodzi kanatsegula chitseko. Mukanakhala inu mukanaleka?

Vuto la kumudzi n'lakuti mankhwala akachiza bondo limodzi, mawondo onse amamva. Anabwera achemwali awo a alamu ndi msana. Anabwera akatekisiti, a Zulu, ndi chifuwa chomwe chinkawavuta powerenga Uthenga. Anabwera mayi wotsogolera kwaya, akuti mawu akuthawa pomwe mwambo wa chiliza wayandikira. Palibe amene ankapempha. Ankangofika nthawi yomwe ndikumwa, n'kukhala pansi, n'kuyamba kufotokoza matenda awo akuyang'ana kumwamba. Ndipo kwathu munthu sumeza kanthu wekha ena akukuyang'ana kukhosi. Komanso munthu amene sanabwere pamaliro alibe pakamwa pokanira. Ndinkaona ngati ndikangoti "ayi", wina anena mawu amene onse ankawasunga kuseri kwa mano.

Amene ndinamukana ndi mmodzi yekha, bambo wina amene anafuna piritsi loti akamwetse ng'ombe yake yapangolo, akuti yafooka. (Nanenso ndili ndi malire.) Anabweranso madzulo atagwira m'chiuno, akuti tsopano wafooka ndi iye. Ndinamupatsa. Ndinamva pambuyo pake kuti ng'ombeyo inadzuka bwino.

Mwachidule, kabokosi koyenera kundisunga ulendo wonse kanatha simenti ya chiliza isanaume. Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu, zii. Ndipo foni ya Felista inali kubwera m'mawa.

Kwathuko netiweki imapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu kuseri kwa khola. M'mawa uliwonse ndinkakwera pamenepo, foni kudzanja ili, kapu ya madzi kudzanja ilo, piritsi m'thumba la shati. Tsiku limenelo ndinanyamuka m'thumba mulibe kanthu, ndikupemphera kuti mwina mlongoti wa mafoni wagwa. Ndikudutsa pabwalo ndinaona nsawa zoswa kale zitayanikidwa pamphasa, chifukwa inali nyengo yokolola. Pakati pake panali zing'onozing'ono, zofiirira, zozungulira bwino. Ndinayang'ana uku ndi uku. Satana sabwera ndi nyanga, abale anga, amabwera ali pamphasa.

"Onetsani bwino, Adadi, sindikuona," anatero Felista.

"Ndi netiweki, mwana wanga," ndinayankha, nditaigwira nsawayo patali ndi foni, dzanja likugwedezeka dala.

Ndinaiponya m'kamwa, madzi pambuyo, gwa! Nsawa yosatafuna simatsika mwamtendere ayi. Imaima pakhosi n'kuyamba kufunsa mafunso. Ndinatsokomola mpaka misozi.

"Akuwawa?"

"Mankhwala enieni amatero."

"Mwachita bwino, Adadi. Ndikunyadirani."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa nsawayo. Koma m'mawa mwake ndinakweranso, ndi mkuja womwe. Ndinafika pokhala katswiri wosankha: yosatalika, yosakwinyika, khungu lake losasupuka. Zomwe sindinaganize n'zakuti njira ya kumjigo imadutsa m'munsi mwa chulu chomwecho. Amayi ankaima ndi zidebe pamutu n'kumaonerera nkhalamba yochokera kunja ikumeza nsawa imodzi ndi madzi, itaima pamalo okwera, ikuyankhula ndi dzanja lake. Anagwirizana kuti ndi mmene amadyera nsawa anthu a kumeneko, n'chifukwa chake sakalamba msanga. M'mawa wina ndinapeza akatekisiti ali kale pachulupo, kapu m'manja, nkhope itafiira. Tinapatsana moni osafunsana kanthu.

Madzulo ndinkakhala panja ndi amuna anzanga, cha kumbali ya dambo, malaya a manja aafupi, kuti aone kuti sindinasanduke mzungu. Udzudzu ukandiluma ndinkangouomba ndikuseka. "Ukupereka moni kwa mwini mudzi," ndinkatero. Onse ankaseka nane. Ndinkamva kukoma kwambiri.

Moniwo unafikadi. Unayamba ndi mutu, kenako mfundo zonse za m'thupi, kenako m'kamwa kuwawa ngati ndatafuna mphanjovu. Sipanafunike dokotala woti andiuze. Malungo ali ngati mawu a munthu amene unakula naye, umawazindikira ali patali. Kungoti amenewa anabwera ndi ukali womwe sindinaudziwepo ndili mnyamata. Kale ndinkadwala ndikulima. Awa ankafuna kundigoneka pansi tsiku lomwelo.

Apa munthu wanzeru akanapita kukiliniki. Koma mwambo unali utatsala masiku ochepa. Ndinawerengera motere: ndikapita, andigoneka. Akandigoneka, pachiliza sindipezeka. Ndiye kuti akulu anga ndawathawa kawiri, kachiwiriko nditafika kale pakhomo. Komanso Felista adziwa zonse. Ndinasankha kulimba. Ndinakabwereka kwa alamu jekete la ubweya lija ndinawapatsa ngati mphatso, n'kulivala pamwamba pa langa, masana dzuwa lili pamutu.

"Ha! Munthu wochokera kumene madzi amauma ngati mwala, akuzizidwa ndi Juni wa kuno?" anaseka akatekisiti.

"Kuzizira kwa kuno n'kwa mtundu wina," ndinatero, mano akuombana.

Chulu chija chinayamba kutalika. Ndinkakwera chokwawa, kapu ikutaya madzi. Felista anati, "Maso anu afiira bwanji?" Ndinati utsi. Anati, "Mukutuluka thukuta mutavala majekete awiri?" Ndinati netiweki, n'kuzimitsa.

Tsiku la mwambo linafika. Anthu anadzaza kumanda, kwaya itavala zitenje zofanana, chiliza chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera yoti ivundukulidwe pamapeto penipeni, pambuyo pa mawu anga ndi dalitso. Ndinayenda kuchoka kunyumba ndikuona mitengo iwiriiwiri. Mumtima ndinkabwereza mawu aja, koma ankatayika ngati ufa m'thumba lobooka.

"Tsopano mng'ono wawo wa malemu atiyankhule," anatero akatekisiti.

Ndinaimirira. Ndinafika pafupi ndi chiliza. Ndinatsegula pakamwa.

"Akulu anga..."

Zinathera pomwepo. Kunjenjemera kunandigwira kuyambira kumapazi, kwenikweni kuja kogwedeza bedi. Nsagwada zinayamba kulira zokha. Mawondo anapinda. Pofuna pogwira ndinagwira nsalu yoyera ija, ndipo inabwera nane pansi yonse, chiliza n'kuvundukuka nthawi isanakwane, popanda dalitso, popanda nyimbo yake. Ndinapezeka nditachikumbatira ndi manja onse awiri, chipumi nditachikanikiza pasimenti chifukwa inali yozizira bwino, thupi lonse likuvina ngati chigayo.

"Amugwira!" anakuwa mayi wina. "Malemu amugwira!"

Ena anathawira kuseri kwa mitengo. Kwaya, posadziwa chochita, inakweza nyimbo. Akatekisiti anandikhuthulira madzi odalitsa onse pamutu, botolo lonse, osasiyako ngakhale a chiliza. Ndipo ndisanameyi: inenso ndinakhulupirira. M'makutu mwanga munkalira likhweru lomwe akulu anga ankaitanira ng'ombe. Ndinati basi, andipeza, ndipo ali ndi chifukwa. Pa mawu onse okoma omwe ndinakonza kutsidya kwa nyanja, otuluka anali awa okha: "Ndabwera! Ndabwera! Ndabwera!"

Kenako ndinaona mapazi a alamu ataima pafupi ndi nkhope yanga. Anamangitsa chitenje m'chiuno ngati akupita kukamenyana, n'kuloza chiliza ndi chala.

"Bambo a Tisa! Mulekeni!" Kwaya inadukiza pakati pa vesi. "Munamutuma nokha kusukulu, ine ndinalipo? Mwana mukamutuma kutali amachedwa. Wachedwa, wabwera, mukufunanso chiyani? Muli moyo simunamumenyepo ngakhale khofi, mukufuna muyambe lero pamaso pa anthu? Ndipo akafera pano, maliro akewo ndiphika ndi nkhuni ziti? Zonse zathera mwambo wanu womwewu. Nkhani yatha iyi, mwamva? Yatha!"

Alamu anawerama, n'kundigwira pachipumi ndi chikhatho chawo chokhakhala.

"Bweretsani ngolo. Msanga."

Ngolo inabweradi, ikukokedwa ndi ng'ombe ija inamwa piritsi langa. Inkathamanga mwamphamvu zedi, ine ndili chigonere kumbuyo. Chilungamo cha Mulungu sichisowa nthabwala.

Kukiliniki anandibaya chala, anayang'ana, anayang'anizana, n'kunditumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata tsiku lomwelo. Za masiku oyamba sindikumbukira zambiri, koma botolo la madzi likulendewera pamwamba panga. Dokotala atandiona ndatsegula maso anati ndikanachedwa pang'ono, malungo akanakwera kumutu. Anafunsa ngati sanandipatse mankhwala oteteza pobwera. Ndinati anandipatsa. Anafunsa ngati ndinkamwa. Ndinati ankamwedwa tsiku lililonse, zomwe zinali zoona.

Felista anamva zonse kwa alamu, amene anamuthokoza kwambiri pafoni chifukwa cha mankhwala a mawondo, m'malo mwa mudzi wonse. Za nsawa anamva kwa akatekisiti, omwe ankafuna kudziwa ngati zokazinga zimagwiranso ntchito. Atandipatsa foniyo ndinakonzeka kukalipiridwa. Ndikanakonda akanakalipa. Anangolira.

"Ndimakuonani m'mawa uliwonse, Adadi. Ndimapita kuntchito mtima uli m'malo. Amama anapita, mukufuna nditsale ndi ndani?"

Ndinalibe netiweki yoti ndiinamizire. Inali yodzaza.

Alamu anagona pansi pambali pa bedi langa masiku onsewo, pachitenje, ndi mawondo awo omwewo. Tsiku lomwe ndinayamba kudya, akundisendera lalanje, ndinawafunsa zomwe zinkandizunguza.

"Alamu, munakhulupiriradi kuti anali iwo?"

Anaseka ndi mphuno. "Amuna anga? Munthu woti nkhuku ankaipepesa asanaiphe? Ine malungo ndinawaona tsiku lomwe munabwereka jekete."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanati pitani kuchipatala, mukanati ndikukuthamangitsani. Si inu munakana neti?" Anandipatsa chidutswa cha lalanje. "Koma ndinalakwa kudikira, ndimati mupirira nawo mpaka mwambo utatha. Mtima unandichoka mutagwa paja."

"Nanga zokalipira manda zija?"

"Anthu anabwera kudzaona ngati mlandu watha. Ndinawauza. Inunso mumve, poti mumamva zinthu zikanenedwa mokuwa. Idyani."

Ndinadya. Kumudzi mpaka lero nkhaniyi ili pawiri. Ena amati anali malungo, ena amati anali malemu, ndipo akatekisiti amati madzi odalitsa ndiwo anagwira ntchito. Ine sinditsutsa aliyense.

Chomwe ndingakuuzeni inu amene mukukhala kunja n'kumati kwanu udzudzu umakudziwani ndi ichi: umakudziwanidi, n'chifukwa chake umayambira inu. Mapiritsi mezani nokha, ngakhale mudzi wonse ukuyang'aneni kukhosi, ndipo neti ikamangidwa gonanimo, akutchuleni alendo akutchuleni. Ngati pali munthu amene mukufuna akukhululukireni, mupempheni ndi pakamwa. N'zosavuta kuposa kupempha ndi thupi lonse.

Ndikunena chonchi ngati kuti ine ndinatero. Tinakhala m'chipatala muja awiriwiri masiku onse aja, ndinakamba za mvula, za mtengo wa thonje, za phala lopanda shuga. "Pepani" weniweniyo, wa maphatikizo atatu okhawo a pe ndi pa ndi ni, sanatuluke. Ndikuti ndikamunene chaka chamawa ndikapitanso. Felista akuti tiona, ndipo pasipoti yanga wabisa.